Ovaova ya Malemu Bambo Anga

Amene akuti ndikunama abwere andilandire mwanayu, ndilumbire ndi manja onse awiri. Ovaova yeniyeni, wailesi yolankhulirana ija, ili m'nyumba mwanga muno, osati kachidole ka Nabanda wa tsidya la msewuyu, kamene mlongo wake anamutumizira kuchokera ku Joni.

Yanga anandisiyira malemu bambo anga, amene anali kapitawo pa esiteti ya fodya ku Njombwa. Ndi chibokosi chachitsulo cholemera kuposa belo la fodya, moti tsiku losamuka ng'ombe zapangolo zinagwada, ine n'kuchisenza ndekha pamutu, Chisomo ali kumsana, uyu ali m'mimba. Mukumva?

Chaka cha matalala chija ndinaona mtambo uli bii kuchokera kwa Mwase, fodya ali m'munda wosathyola, ndinakoleka waya pamwamba pa chigafa n'kukuwa kuti, "Matalala uko, thyolani fodya, ova!" ndipo mawu anga anatulukira m'malata a tchalitchi kwa Chulu, m'masipoko a njinga, ngakhale m'dzino lachitsulo la abusa, anthu n'kuthyola tsamba lililonse, mtambo pofika n'kupeza mitengo yokhayokha, n'kupsa mtima, n'kuponya mphenzi pa waya wanga. Chibokosi chinangoimeza mphenziyo ngati phala, n'kugeya, ndipo kuchokera pamenepo sichinapemphepo batire. Waya wopsererayo inadya mbuzi yathu, mpaka tsiku loipha inkalira Chibemba cha madalaivala a ku Zambia. Ndithu, Mulungu akundiona!

Nanga kakeko? Kakangonyowa pang'ono amakafotsera mu mpunga ngati akuvundika nthochi. Magetsi akathima, nako kathima. Koma anthu ali mbwee pakhonde pake, iye ali m'chitenje chatsopano, kudina timabatani ndi zala zosadziwa phula la fodya, n'kumandikuwira: "Amake Chisomo, chibokosi chija muzikhalirapo posoka fodya, mpando mwaupeza!" Ndipo woseka kwambiri, mano onse pamtunda, ndi bambo a Chisomo, amuna anga, amene akangoweruka kumunda amakagwera pomwepo, ati akuphunzira mabatani. Mabatani!

Dzulo masana ndinachipukuta, ndinachiyatsa, n'kuitana dzina la amuna angawo. Anayankha a ku Mzuzu. Anayankha amalinyero a ku Beira. Anayankha mzungu wina ali m'ndege, n'kufunsa ngati kunyumba kuli bwino. Konseko chibokosi changa chinafika. Pakhonde la Nabanda pokha, apa poti ngakhale nkhuku imafika osathamanga, m'pamene mawu anga sakufika.