Sabata Imene Azakhali Anafutsa Bowa Wanga

Lolemba

Bowa wamera! Timitu tofiirira tasuzumira m'kabokosi kamene ndinagula kumsika wa Camden, ndipo ndaima pakhomo pa kabati ngati bambo amene wangouzidwa kuti kuchikuta kwayenda bwino. Kabokosiko ndakabisa m'kabati ya thanki ya madzi otentha, kuseri kwa matawulo a azakhali anga, a Nachisale, amene amandisunga kuno ku Barking, ku Mangalande. Iwo amagwira ntchito kunyumba yosamalira okalamba, ndipo kutchalitchi ndiwo amatsogolera amayi. Sayenera kudziwa kanthu.

Ndilembe momveka, pakuti mbiri idzandifunsa. Uyu si bowa wa ndiwo. Ndi uja amati munthu akadya amaona makoma akupuma. Lamulo la dziko lino, chaka chino cha 2004, likuti wamuwisi ndi wololedwa, koma ukangomuumitsa wapalamula mlandu waukulu. Ine, wophunzira zamalamulo wa chaka chachiwiri, sindingalekerere kupusa kotere. Lachisanu ndidzanyamula kabokosika kupita nako ku Bungwe la Ufulu wa Maganizo, limene ndinayambitsa ndekha kuyunivesite, ndipo ndidzafunsa poyera: kodi boma likuopa bowa, kapena likuopa dzuwa?

Zotsala:
kumaliza mawu otsegulira;
kusita malaya;
kupeza mamembala ena, chifukwa pakadali pano tilipo ine, Priya mlembi wathu, ndi mnyamata wina wamtali amene amangobwerera mabisiketi.

Bowayo sindinamulawepo. Mtsogoleri ayenera kukhala ndi mutu wake wonse.

Lachiwiri

Azakhali akufuna tawulo. Apeza kabokosi.

"Kodi iwe, n'chiyani ichi chikumera m'nyumba mwanga?"

Munthu amene wakonzeka kulimbana ndi Nyumba ya Malamulo yonse wayankha motere: "Ndi kafukufuku wa kusukulu, azakhali. Tikuyesa kulima bowa wakwathu kuno."

Sakufunsa kuti wophunzira zamalamulo wayamba liti ulimi. Kwa iwo yunivesite ndi yunivesite. Akhala pansi pa masitepe, kabokosi pamiyendo, misozi ikulengeza. Akusimba za bowa wa m'mbali mwa msewu ku Dedza, wodzaza mabeseni mvula ikakhazikika, amene sanamulawe chibwerere kuno. Akuti wangayu ndi woonda miyendo, koma Mangalande amaondetsa aliyense.

Ndikukana kuti ndanama. Ndangochichedwetsa choonadi.

Lachitatu

Foni ya m'nyumba sikupuma. Amayi onse a mpingo amva kuti mwana wa mlongo wa a Nachisale wameretsa bowa wakumudzi m'kabati. Zimene zandifika:
Mayi Gondwe a ku Croydon ali ndi nsinjiro zimene anabwera nazo mlamu wawo;
Mayi Tembo a ku Peckham, a ku Chipata aja, akuti Amalawi sadziwa kutendera, choncho adzaimirira pa mphika okha;
abusa akufuna kundisanjika manja.

Chigamulo chaperekedwa popanda ine: Lamulungu, pa chakudya cha pamodzi tikaweruka mapemphero, ndiwo ndi bowa wotendera.

Ndayesa kunena kuti sanakhwime. "Bowa sakhwima ngati dzungu, mwanawe," atero azakhali, uku akupukuta mphika waukulu.

M'kalasi ya malamulo a malo ndi nyumba sindikumva kanthu. Ndikungoona amayi a msinkhu wa agogo anga, atavala zoyera ndi maduku, akuloza denga la holo kuti likuvina. Ufulu wa maganizo ndimaufunira anthu onse mosasankha, koma osati Lamulungu lino.

Lachinayi

Ndabwera kuchokera kusukulu. Kabokosi kali mbee. Bowa yense ali m'lichero pamwamba pa hita ya pabalaza, woyalidwa mwaluso, wayamba kale kukwinyika.

"Ndakufutsira," akutero azakhali monyadira. "Akanaola lisanafike Lamulungu. Inu ophunzira simuganiza za mawa."

Achita zimene mayi aliyense woleredwa bwino amachita akaona ndiwo zachuluka. M'mawa uno m'nyumba muno munalibe mlandu. Tsopano mlandu uli pabalaza, pansi pa chithunzi cha ubatizo wanga, ndipo waupalamula ndi mayi amene sawoloka msewu nyali isanamulole. Ine viza yanga ikudikira kukaonjezeredwa ku Croydon. Iwo ntchito yawo salola munthu wokhala ndi mbiri kupolisi.

Mfundo yanga yonse yatsimikizika pa hita imodzi: lamuloli ndi lopusa ndithu. Ndipo palibe munthu ndingamuuze.

Choipa koposa: Mayi Tembo anadutsa masana. Atapako dzanja limodzi kuti akayesere kwawo.

Lachisanu

Nthawi ya msonkhano wanga yakwana. Malaya ndasita. Ndili m'sitima, kenako m'basi, kulowera ku Peckham. Priya watumiza uthenga pafoni kuti afika awiri. Uthenga wina: mabisiketi atha, watsala yekha.

Mayi Tembo ndawapeza akusenda anyezi. Bowa ali m'mbale pambali pa chitofu. Akuti akuphikira amuna awo, amene akukalowa ntchito yoyendetsa basi akangodya.

"Iwe, wachoka ku Barking konse kuja kukonkha tubowa utu? Muli na kaso imwe Amalawi." Kwawo ku Chipata, kaso ndi umbombo.

Ndafotokoza mwaulemu wonse kuti aprofesa akufuna kumuyeza yense pasikelo asanadyedwe, apo ayi ndilephera mayeso. Andipatsa, koma nditamaliza mbale ya mpunga ndi nkhuku, ndiponso nditaona zithunzi zonse za mwana wawo wamkazi, namwino, amene akuti ndi wofatsa ndipo sanapeze munthu.

Pobwerera, phukusi lili m'thumba la jekete. Pasiteshoni paima wapolisi ndi galu. Galuyo wandiyang'ana. Ine, amene ndalemba masamba ambirimbiri otsutsa boma, ndamuweramira galu wa boma ndi kumupatsa njira.

Loweruka

Azakhali ali kuntchito tsiku lonse. Dongosolo:
bowa wanga yense, wa m'lichero ndi wa ku Peckham, m'chimbudzi;
lichero kulitsuka ngati la maliro;
kusitolo, kukagula bowa wamba wofiirira, yense amene ali pashelefu;
kumudula woondawoonda, kumuumitsa mu uvuni, kumuyala pa hita.

Ndinakonza mawu ochepa otsanzikira, koma madzi a m'chimbudzi sadikira wolankhula.

Mwini sitolo wandifunsa ngati ndikutsegula lesitilanti. Ndamuuza kuti ndi nkhani ya chikumbumtima. Wandipatsa jumbo ina.

Azakhali afika, aima pa lichero. "Kodi wachuluka chonchi bwanji?"

"Ndi sayansi, azakhali."

"Ndi madalitso, usamachite mwano."

Lamulungu

Holo ya tchalitchi. Matebulo aatali, mbale za pepala, ana akuthamanga n'kumayankha makolo awo m'Chingerezi. Mayi Tembo ndi Mayi Gondwe akanganirana chipande mpaka ndiwo zapsa bwino.

Mayi Gondwe alawa, atsinzina. Akuti uyu ndi wa ku Chikangawa weniweni, sangamuiwale. Mayi Tembo akuti ayi, fungo ili ndi la ku Chipata. Azakhali sakutsutsa aliyense. Akutafuna pang'onopang'ono, kenako ayamba, chapansipansi, nyimbo imene ankaimba ali atsikana popita kukazula bowa m'mamawa. Amayi ena alandira. Mayi wina wachikulire, amene sindinamumvepo akulankhula, akuti akuwaona malemu amayi ake akutuluka m'tchire, dengu pamutu, miyendo ili mame okhaokha. Akulira, akuseka, akupempha kuonjezera.

Kodi bowa wanga uja walowamo? Ndaunguza m'mphika mosamala. Ndi wa m'sitolo yekhayekha.

Abusa andiimiritsa kutsogolo ndi kundisanjika manja. Alengeza kuti mpingo wakhazikitsa Komiti ya Bowa, wapampando ndine, ndipo pa Khirisimasi adzaitana ndi abale a ku Luton omwe. Mwana wa Mayi Tembo wasankhidwa kukhala mlembi. Priya watumiza uthenga wotula pansi udindo.

Tafika kunyumba. Azakhali achotsa matawulo onse m'kabati kuti kafukufuku apeze malo okwanira.

Bungwe la Ufulu wa Maganizo latha. Komiti ya Bowa ili kale ndi mamembala odzaza holo, ndipo onse amafika pa nthawi yake. Mawa ndikamufunsa mwini sitolo ngati amapikulitsa.