Sukulu ya Chingerezi pa Siteji ya Kabaza

Lolemba

Lero ndatsegula sukulu pa Kamwendo. Digiri yagona m'sutikesi zaka ziwiri, zakwana.

Vuto la dera lino ndalipeza ine. Anthu Chingerezi amachidziwa, koma cha m'buku. Mlendo akatsika minibasi salankhula cha m'buku ayi. Amalankhula aneni a mawu awiri, aja amati "phrasal verbs": "pick up", "drop off", "get on". Mneni kutsogolo, kamawu kakang'ono pambuyo ngati pasinja pa kaliyala. Angamve zimenezi msanga ndani kuposa akabaza?

Zomwe ndili nazo:
bolodi, chitseko chakale chodetsedwa ndi makala
choko, theka la bokosi
khonde la sitolo ya Che Saidi, tsidya la msewu moyang'anana ndi siteji
tayi

Pangano langa ndi amayi ndi ili. Loweruka abwera kuchokera kwa Zulu kudzadzionera okha. Akapeza ophunzira khumi atakhala pansi mpaka phunziro kutha, andisiya ndipitirize. Apo ayi, Lolemba ndili nawo kumunda, kukumba mtedza. Khumi okha! Amayi sakundidziwa bwino.

A Mbewe, tcheya wa akabaza, alembetsa anthu khumi ndi anayi. Akuti: "Aphunzitsi, ife tavomera, bola tiziona msewu." Anditchula aphunzitsi pamaso pa anthu.

Lachiwiri

Pakhonde palibe wabwera. Onse ali tsidya, aliyense wagwira njinga yake, akundibayibitsa.

Kani siteji ili ndi lamulo lake. Njinga zimaima pa mzere, wakutsogolo ndiye amatenga pasinja, wochoka pa mzere wataya malo. Zaka zinayi za kuyunivesite palibe anandiuzapo zimenezi.

Sindine munthu wofooka. Ndasenza bolodi, ndawoloka msewu, ndalitsamiritsa pa mtengo wa mango. Ndalemba "pick up". Ndikuti ndifotokoze, minibasi yaima. Atatu akutsogolo apita. Ndayambanso. Ina yaima. Ofika kumene akulowa kumbuyo kwa mzere, akufunsa kuti tili pati.

"Pick up" ndamuphunzitsa kasanu ndi kanayi lero. "Drop off" sanafikidwe.

Komabe anthu awiri anandiombera m'manja.

Lachitatu

Ndapanga kafukufuku. Phunziro langa ndi la mphindi makumi anayi. Minibasi siyilola ngakhale mphindi zisanu ndi ziwiri.

Choncho ndaliduladula ngati nzimbe. Mneni mmodzi, chitsanzo chimodzi, basi. Njira imeneyi sindinaiwerenge m'buku lililonse, ndi yangayanga. Tsiku lina anthu adzailemba.

Zotsatira zake pofika madzulo:
a Mbewe akudziwa "get on" koma pa "get off" anali atapita ku boma ndi mayi wa matumba a soya
Yohane, wa njinga yofiira uja, akudziwa "slow down" yekhayekha
mnyamata wina wamva "pick up" masiku awiri motsatizana, akuti sukuluyi siyikuyenda
Chingerezi chonse chilipo pa siteji, kungoti chili m'mitu yosiyana

Ndapempha a Mbewe kuti aimitse mzere kwa ola limodzi lokha. Andiyang'ana ngati ndapempha njinga yawo. "Aphunzitsi, pasinja akatsika timuuze kuti adikire tili m'kalasi?"

Dziko lino likuchedwa chifukwa cha maganizo oterewa.

Lachinayi

Nzeru yatsopano, ndipo ndi yakupsa. Ngati ophunzira sakhala pansi, mphunzitsi akwere nawo.

Ndakhala pa kaliyala wa Yohane, buku m'manja, tikulowera njira ya ku Guilleme. Ine ndikufuula chiganizo kumsana kwake, iye akubwereza. Pa chitunda "slow down", pa mchenga "hold on". Phunziro loyamba la mlungu uno lofika mphindi makumi awiri osadukiza. Amayi ena m'munda aweramuka kutiyang'ana. Ayang'ane, aone chitukuko.

Tafika pafupi ndi mishoni, bambo wina waima ndi thumba la chimanga, akutiimika. Yohane wamanga mabuleki.

"Aphunzitsi, inu mwaphunzitsa kale. Awa ndi pasinja weniweni."

Ndabwerera wapansi. Nsapato za pa tsiku lolandira digiri sizinapangidwire msewu umenewu. Matuza awiri kumanzere, limodzi kumanja.

Lachisanu

Bolodi limagona m'sitolo ya Che Saidi. Lero atseka molawirira, apita ku mzikiti wa ku boma, kenako akuti akaone m'bale wawo. Bolodi lili m'kati, pakati pa matumba a shuga.

Ndalemba pansi ndi kamtengo. Mzere ukasuntha, matayala akufufuta. Phunziro lonse la "turn back" lapita ndi tayala la a Mbewe.

Koma tamverani izi. Masana kwatsika sisitere wachilendo wopita ku mishoni, Chichewa sakuchidziwa. Yohane wamukweza, watembenuka, wati: "Hold on, Sister." Momveka bwino, mosachita chibwibwi. Sisitere wagwira kaliyala. Siteji yonse yakuwa. Ine ndangokonza tayi. Ntchito ya manja anga imeneyo!

Mawa amayi. A Mbewe alonjeza kuti onse akhala pansi. "Mayi ndi mayi, aphunzitsi, sitingakuchititseni manyazi."

Loweruka

Khumi ndi awiri akhala pansi pa mango, njinga zagonekedwa. Kukongola kwake! Ndikungolakalaka wina atajambula.

Minibasi yaima. Kutsika mayi wa chitenje chobiriwira, mtanga pamutu, thumba m'manja. Thupi la munthu wa kabaza silifunsa mutu. Onse khumi ndi awiri adzambatuka, athamangira, akulimbirana mtanga. "Tiyeni amayi, mukupita kuti amayi, njinga ya khushoni ndi ino."

Ndi amayi anga.

Mmene a Mbewe akuzindikira n'kuyamba kubweza anthu, basi yaikulu yochokera ku Lilongwe yaima, yadzaza mpaka pakhomo. Pa mango tatsala atatu: ine, amayi ndi bolodi.

Amayi akhala pa muzu, amvetsera phunziro lonse mpaka kumapeto. Wophunzira woyamba kumaliza. Kenako akuti: "Waphunzitsa bwino mwanawe, ngakhale sindinamve kanthu. Ndawerenga, ndapeza mmodzi. Khasu lako bambo ako aliika kale mpini watsopano."

Lamulungu

Sindinapite kutchalitchi, matuza. Ndikulongedza.

Pangano ndi pangano. Mtedza ukumbidwe. Ndikulemba pano kuti zisaiwalike: sukuluyi sinagwe chifukwa cha mphunzitsi, ndipo pa Kamwendo pali munthu mmodzi amene akulankhula ndi masisitere m'Chingerezi chenicheni.

A Mbewe anabwera masana kudzapepesa, chipewa m'manja. Akuti siteji yakambirana, yagwirizana kuti mawa m'mawa andinyamula okha mpaka kwa Zulu, ulere, monga mphunzitsi wawo.

Ndikaime pa mango sikisi koloko. Akuti tikanyamuka pompo, ngati minibasi siyinayambe yafika.