Nzeru za Monita Yanu Zaimitsa Nyumba ya Apongozi

Kwa Bwana Mkulu,
Kampani ya Penyani Zonse,
Opanga ndi kugulitsa mamonita anzeru.

Bwana wolemekezeka,

Ndavula chipewa, ndagwada, ndipo ndikupepesa kuti munthu wamba ngati ine ndikudetsa tebulo lanu ndi kalata. Ndine wojambula mapulani a nyumba. Ndimagwirira ntchito kunyumba, pakona ya pabalaza, pakati pa kabati ya mbale ndi zenera. Miyezi itatu yapitayo ndinagula monita yanu yanzeru, ndipo ndaona kuti kungokhala chete osathokoza kungakhale kusaleredwa bwino.

Ndiyambe ndi kuulula umbuli wanga. Kwa zaka zisanu ndi ziwiri ndinali ndi monita wamba, mbuli yotheratu. Inkadziwa chinthu chimodzi basi: kuonetsa zimene kompyuta yaiuza. Inalibe mawu, inalibe rimoti, ndipo m'nyumba muno munalibe woiyang'ana kawiri, kupatula mkazi wanga tsiku lopukuta fumbi. Tivi yathu itapsa ndinapita kusitolo yanu kukafuna ina, koma wogulitsa wanu wa tayi yofiira anandiseka mwaulemu. Ati mukusungiranji zinthu ziwiri chonsecho chilipo chimodzi chochita zonse? Ati masana ndi monita ya ntchito, madzulo ndi tivi ya banja, mafilimu imakatenga yokha pa intaneti popanda kompyuta. Anandichenjezanso kuti tivi wamba imanenepetsa mizere ya pulani mpaka khoma kumaoneka ngati msewu, ndipo pamenepo sananame. Ndinanyamula katoni. Monita yakale ndinapatsa mlamu wanga, amene lero akuti mphatso sibwerera.

Chimene wogulitsa wanu sanandifunse, bwana, n'chakuti kunyumba kwanga kuli ndani. Kuli apongozi, mayi a mkazi wanga. Anabwera khoma la nyumba yawo yakale litagwa, kuti akhale nafe kufikira titawamangira ina. Njerwa zilipo, mchenga ulipo, mmisiri alipo. Chikudikirika ndi pulani, ndipo wojambula pulaniyo ndi ine ndemwe. Mmisiri wanenetsa kuti mwezi uno ukatha maziko asanakumbidwe, iye apita kukagwira ntchito kwina, tidzaonana mvula ikadzatha.

Musandimve molakwa. Apongozi anga ndi munthu wabwino, patebulo amandisankhira nthuli yaikulu, ndipo ndimawakonda ndi mtima wonse. Koma nyumba yathu ndi ya zipinda ziwiri, ana atatu akugona pabalaza, ndipo ine ndi mkazi wanga takhala tikukangana monong'ona ngati akuba kwa theka la chaka. Munthu amafuna nthawi zina kukangana ndi mkazi wake ndi mawu ake onse.

Tsopano ndifike pa zothokoza.

Choyamba, zikomo chifukwa cha rimoti. Sindinkadziwa kuti kanthu kochepa chonchi kangasinthe mutu wa banja. Apongozi, amene amati maso awo saonanso bowo la singano, anaiphunzira rimotiyi masiku awiri okha. Amaisunga m'thumba la juzi pamodzi ndi mandala awo, ndipo amapita nayo ngakhale kubafa. Anapeza filimu ya banja lolemera lolimbirana chuma cha masiye m'chinyumba chosanja, ya zigawo zoposa mazana asanu. Zoti masana ndi a ntchito, madzulo a banja, wogulitsa wanu anauza ine, koma monitayo anaiwala kuiuza. Apongozi amalawira, amasesa, amasamba, ndipo ikamakwana eyiti amakhala atakhazikika pampando wanga. Ine ndimaima kumbuyo kwawo ndi kapu ya tiyi, kumatsokomola mwaulemu. Tsiku lina anacheuka n'kunena kuti, "Bambo, chifuwa chimenechi musachilekerere, mupite nacho kuchipatala."

Chachiwiri, ndipo apa m'pamene ndaona kuti akatswiri anu ndi ophunzira kwambiri. Gawo limodzi la filimu likatha, monita yanu imawerenga masekondi asanu, kenako n'kuyambitsa lina yokha. Masekondi asanu, bwana! Kodi amene anaganiza zimenezi anakwatira? Ine kuti ndipemphe kanthu kwa apongozi ndiyenera kuika kapu pansi, kupinda maondo pang'ono, kuomba m'manja, ndiyeno kuyamba kuti, "Amayi, pepani ndakusokonezani, ndimati mwina, ngati n'kotheka, posakudulani..." Ndayesa ndi wotchi, mawu amenewa amadya masekondi makumi awiri. Ndikamafika pa "ndimati mwina", nyimbo ya gawo lotsatira imakhala yayamba, apongozi akweza dzanja osacheuka, amvekere, "Tadikirani bambo, uyu akufuna kum'thira mnzake mankhwala." Ndayeserapo kufupikitsa pempho langa ndili ndekha kukhonde, koma chilichonse chokwana masekondi asanu chimamveka ngati mwano. Makina anu anapangidwira anthu olankhula mothamanga ndi akuluakulu, ndipo ine sindinaleredwe choncho.

Chachitatu ndi nzeru yogawa galasi pakati. Anaitulukira ndi mkazi wanga atawerenga kabuku ka m'katoni, ndipo tsiku limenelo ndinakudalitsani, bwana, mpaka ndinavina pang'ono. Kumanzere pulani yanga, kumanja filimu ya apongozi, mipando iwiri yogundana, mtendere m'nyumba. Mtenderewo unakhala mphindi khumi. Apongozi anayang'ana kumanzere, anayang'ana kumanja, n'kuloza ndi rimoti. "Bambo, nanga khomo langali lachepa bwanji? Taonani la anzathuwa." Ndinakulitsa khomo. Mawa lake anafuna khonde la zipilala. Mkuja anafuna masitepe. Ndinafotokoza modzichepetsa kuti nyumbayo si yosanja ndiponso kuti maondo awo amadandaula ngakhale pokwera minibasi, koma ati masitepe amapatsa ulemu, munthu ukamatsika alendo amaimirira. Mkazi wachiwiri wa m'filimu atagwidwa akumvetsera pakhomo, chipinda chogona chinasamukira kumapeto, kutali ndi makutu. Mdzukulu wa m'filimu atagwa pazenera, mazenera onse anakwera m'mwamba. Sabata yotsatira anatsikanso chifukwa mayi wa m'filimuyo anaoneka bwino ataima pazenera lalitali akulira.

Pulani ya nyumba ya zipinda ziwiri ndaijambula kasanu ndi kawiri. Ndajambulirapo anthu ovuta, amalonda ndi abusa omwe, koma sindinapikisanepo ndi filimu. Mmisiri masiku ano akandiimbira foni salankhula, amangoseka n'kudula.

Chachinayi n'chachifupi. Lachiwiri lapitali apongozi anapita kukazonda mnzawo wodwala, ndipo mwangozi anaiwala rimoti pampando. Ndinatseka chitseko, ndinapinda malaya, ndinayatsa monita. Inandiuza kuti ikuwonjezera nzeru, ndisaizimitse. Kamzere koonetsa pamene yafika kanayenda ngati nkhono m'mawa wonse, ndipo kanafika kumapeto nthawi yomwe geti linalira. Ndikuyamika kuti monita yanu siikhutira ndi nzeru zomwe ili nazo kale, ngakhale ine nzeru zatsopanozo sindinazione. Apongozi akuti mawu a filimu akumveka bwinoko.

Anzanga a ntchito amandifunsa ngati monita yanzeru ndi yoyenera kugula kuposa monita wamba kapena tivi. Ndimawayankha moona, pakuti sindifuna kukuipitsirani malonda. Mizere imaoneka bwino, mitundu ndi yokongola, ndipo kwa mbeta yokhala yokha m'kachipinda kamodzi palibenso china choposa. Koma mwini banja agule zinthu ziwiri: tivi ya anthu, ndi monita yopusa, yosayankhula, yonyasa ngati n'kotheka, imene palibe angaikhumbire. Akuluakulu anati mapanga awiri avumbwitsa, koma sanaone phanga limodzi lolimbirana munthu ndi apongozi ake. Wovumbwa amadziwika kale.

Chandilembetsa kalatayi ndi chimene ndamva dzulo. Apongozi anauza mkazi wanga kukhitchini kuti za nyumbazo tisajijirike nazo, njerwa siziola, iwo pano akukhala bwino, ndipo filimu yatsala ndi zigawo zana limodzi ndi makumi anayi. Mkazi wanga anaseka mpaka kugwira khoma. Ine sindinaseke, bwana. Kwatsala masiku khumi ndi limodzi kuti mwezi uthe, mitambo yayamba kusonkhana, ndipo mtima wanga uli m'mwamba.

Choncho ndikugwadanso ndi pempho laling'ono. Uzani akatswiri anu aike kabatani kobisika kumbuyo kwa monita, koti munthu akakadina, monitayo izidzipusitsa. Izizima filimu n'kulemba ndi zilembo zikuluzikulu kuti: Pepani amayi, anthu a m'filimu apita kukapuma, abwera pulani ikatha. Makina si mkamwini wa munthu, akhoza kunena zimenezi osagwada. Wanzeru weniweni amadziwa nthawi yokhala chitsiru, ndipo monita yanu pamenepo sinafike.

Ngati kabatanika sikangatheke m'masiku khumi ndi limodzi, musadzivutitse. Ndawerenga kapepala kanu ka chitsimikizo, ndipo kakuti wosakhutira akhoza kubweza katundu ku ofesi yanu yaikulu, malinga abwere ndi zonse, rimoti yomwe. Ine ndine munthu womvera malamulo. Rimotiyo ili m'manja mwa apongozi, ndipo ine sindingailande, moti ndidzabwera nayo mmene iliri. Muwakonzere mpando wofewa muofesi mwanu, moyang'anana ndi tebulo lanu. Tiyi amamwa wa masupuni atatu a shuga, sakonda kusokonezedwa, ndipo mukafuna kuwauza kanthu, bwana, muli ndi masekondi asanu.

Ine wanu wogwada mpaka maondo kuchita zipsera,

Wojambula mapulani,
amene walemba kalatayi pafoni, ataima kukhonde.