Nkhondo ya Fupa la Chimphona ku Beti-Shumu

Tcherani khutu, inu mapiri a kum'mawa kwa Yordano, ndipo inu zigwa lekani kaye phokoso. Pakuti ndikunena za chaka chachitatu chidyereni dzombe barele, nthawi imene mvula inkaumira ngati mpongozi womana, pamene ulemu wa munthu unkayesedwa ndi utali wa ndevu zake. M'masiku amenewo, m'mudzi wa Beti-Shumu, munali Zabidi mwana wa Helezi, Mfinya-azitona, Chiopsezo cha Akhwangwala, iye amene anapirikitsapo tonde wolusa ndi chipande chokha, tondeyo naiwala ngakhale kulira.

Ngwaziyi inali ndi mnansi, Kemosamu Mmowabu, Mphuno-ya-khasu, Mmeta-nkhosa wosaphonya, ndipo awiriwa ankakondana kwambiri moti anali atayamba kale kuitanana asewere, pakuti Yedida, mwana wamkazi wa Zabidi, anali woti akwatiwe ndi mwana wa Kemosamu akatha kukolola tirigu. Pofuna kukhwimitsa chibalecho, anapangana kukumba dzenje limodzi losungira madzi a mvula pamalire penipeni pa minda yawo, popeza akazi awo anali atatopa ndi kutsikira kuchigwa kokatunga.

Koma pa tsiku lachisanu ndi chimodzi, dzuwa lili paliwombo, khasu la Zabidi linagunda chinthu, kuti gwa! Atafukula, anatulutsa fupa lalikulu, lofika m'chiuno mwake, ngakhale kunena zoona Zabidi sanali munthu wamtali.

Ananyamula fupalo ndi manja awiri, nafuula kuti, "Taonani, asewere! Mwendo wa Mrefai! Zimphona zija makolo anga anazigwetsa ngati mitengo, nachi china chagona m'munda mwanga!"

"Asewere, dzuwa lakulowani m'mutu," anatero Kemosamu. "Ameneyu ndi Mwemi. Kwathu ku Mowabu ngakhale khanda limadziwa. Aemi, Oopsa aja, anawatha ndi makolo anga. Enanu munali musanafike."

Apo n'kuti Abihayi, mkazi wa Kemosamu, wobadwira ku Amoni, akubwera ndi mtsuko pamutu. Anasuzumira kamodzi kokha nati, "Nonse mukubwebweta. Ndi Mzamzumi uyu, aja ankalankhula ngati njuchi zili mumphika. Anawaseseratu ndi a kwathu."

Tsono musayese kuti inali nkhani ya dzina chabe. Zabidi anaona msanga pamene panagona njoka: amene makolo ake anapha chimphonacho ndiye mwini nthaka, ndipo mwini nthaka ndiye mwini dzenje. Anaponya khasu pansi, Kemosamu naye anaponya lake, ndipo mawu akuti asewere anafera pomwepo.

Mlandu unapita kwa akuluakulu a pachipata, ndipo kumeneko unangokula ngati chotupa. Kemosamu anagwira ndevu zake nalumbira kuti bondo la Mwemi angalizindikire ngakhale atatsinzina. Zabidi analumbira pa dzina la bambo ake Helezi, munthu amene sanalankhulepo bodza chibadwire. Mkulu wina wa ku Hebroni anati onse asokera, fupalo n'la Mwanaki, wa aja a makosi aatali. Winanso wogontha, atamufotokozera kachitatu, anagogoda ndodo nati palibe chimphona china koma Anefili, ndipo wotsutsa akumane naye panja. Pofika madzulo, mudzi wa nyumba makumi atatu unali ndi magulu ankhondo asanu. Fupalo linatsala pamlomo pa dzenje, popeza panalibe wolola mnzake kupita nalo kunyumba, ndipo ukwati unaimitsidwa.

Masiku khumi anapita. Yedida analeka kudya. Hogila, mkazi wa Zabidi, Mayi wa Lilime-lakuthwa, anaima pakhomo manja ali m'chiuno.

"Bambo a Yedida, mitambo yayamba kusonkhana, dzenje lili theka, mwana akuonda. Dzina limenelo tidzamwa?"

Zabidi anaimirira pamwala woperera nati, "Mkazi iwe, ludzu limatha, koma manyazi amakhalira zidzukulu! Kodi ine, mwana wa Helezi, ndidzatunge madzi m'dzenje la Mwemi? Bola ndimwe mafuta!"

"Imwani," anatero Hogila. "Koma mphika wa mphodzawo muubweze."

Pakuti ngwaziyo inali itauvala kale kumutu.

Motero m'mawa wa tsiku lakhumi ndi chimodzi, tsiku limene akhwangwala akulikumbukirabe, Zabidi anatuluka ndi mphika kumutu, lichero kudzanja lamanzere, ndi mtengo wogwetsera azitona kudzanja lamanja, pambuyo pake pali a gulu la Arefai asanu ndi awiri, kuwerengera ndi mlamu wake wotsimphina. Kutsidya kwa dzenje kunaima Kemosamu atadzikulunga zikopa zitatu za nkhosa, thukuta likutsika ngati mtsinje wa Arinoni.

"Iwe Mmowabu wonunkha ubweya!" anabangula Zabidi. "Nena kuti Mrefai, ndikusiye ndi moyo!"

"Iwe kafupi wamafuta!" anayankha Kemosamu. "Tulukamo mumphikamo tione ngati muli munthu!"

Ha, ndani angawerenge anyezi amene anauluka m'mawa umenewo, kapena nkhuyu zoola zimene zinaphulikira pa zipumi za amuna olemekezeka? Azamzumi anaukira kuchokera kukhola ndi ndowe za bulu. Aanaki anathira nkhondo Anefili, amene anali munthu mmodzi yekha, wogontha uja, koma sanabwerere m'mbuyo chifukwa sanamve kuti wagonja. Pakati pa fumbilo Zabidi anagwira fupa mbali ino, Kemosamu mbali inayo, ndipo anakokana, nazungulirana, mpaka mlomo wa dzenje unagumuka, onse awiri nagweramo, khu!

Pansipo Zabidi anakhalira chinthu cholimba chimene chinam'lasa pamalo osatchulika. Anapapasa m'dothi logumukalo, navuula chigaza. Chinali chachitali ngati mtondo waung'ono, cha mano aatali achikasu, ndipo pambali pake panali kabelu kamkuwa kothyoka pakamwa.

Kabeluko ankakadziwa. Kanali ka ngamira ya bambo ake, ija Helezi wosanama anauza mudzi wonse kuti inalandidwa ndi achifwamba makumi anayi a ku Midiyani, iye atapha khumi ndi awiri. Pachifukwa cha nkhani imeneyo banja lawo linkakhala kutsogolo pa maphwando onse.

Kemosamu anayang'ana chigazacho, nayang'ana Zabidi, kenako anagwira ndevu zake zimene analumbirira pachipata.

"Ndi ngamira," ananong'ona.

"Ya bambo anga," anatero Zabidi. "Iyenera kuti inangofa ndi kudzimbidwa, iwo n'kuikwirira."

"Ine ndinati ndazindikira bondo."

"Munatero pamaso pa anthu onse."

Anyezi anali akudutsabe kumwamba kwawo.

"Asewere," anatero Kemosamu pomaliza, "inu simunaone kanthu."

"Ndikanaona bwanji, asewere, mphika uli m'maso?"

Ali pakati pofotsera chigazacho pakona ndi zikhatho, kumwamba kunaoneka nkhope ya Hogila.

"Mwafa?"

Zabidi anadzuka, nakweza mawu kuti mudzi wonse umve: "Ikani zida pansi, ana a Beti-Shumu! Chimphona chatiululira chokha m'kuya kwa nthaka! Bambo ake anali Mrefai, mayi ake Mwemi, chinakulira kwa Azamzumi, chinakwatira kwa Aanaki!"

"Ndipo Anefili anali atsibweni ake!" anawonjeza Kemosamu.

Hogila anayang'ana kabelu kamene kankasuzumira m'chikhatho cha mwamuna wake, ndipo Zabidi anaona kuti wakaona. Koma mayiyo anangotembenuka, natola makasu awiri aja, nawaponyera m'dzenjemo.

"Chabwino," anatero. "Chingwe chitsika mukakumba mikono ina iwiri."

Ndipo ngwazi ziwirizo zinakumba tsiku lonse osadandaula, ndipo mvula itagwa dzenjelo linadzaza mpaka pakamwa.

Pangano la mtendere linachitikira pa ukwati womwewo wa Yedida, ndipo chikhalire dziko silinaonepo lotere. Fupalo analidzoza mafuta, nalifunditsa nsalu yofiirira, nalikhazika pampando waulemu pakati pa akuluakulu. Analipatsa mbale yakeyake ya mphodza ndi chikho cha vinyo, chimene wogontha uja ankalithandiza kumwa. Panakhazikitsidwa lamulo loti aliyense asanamwe azitchula mayina onse asanu mwandondomeko, wophonya ayambirenso ndi chikho china. Ndipo pofika chikho chachinayi panalibe m'Beti-Shumu munthu wotha kunena Mzamzumi osalavulira mnzake.

Dzuwa likupendeka, Zabidi mwana wa Helezi anaimirira, ndevu zikunyezimira ndi mafuta, natamanda wakufayo.

"Anali wamkulu, abale anga! Ankamwa madzi kamodzi pa sabata! Ankadutsa chipululu chonse ndi katundu wa amuna khumi osabuula! Akayang'ana munthu, ankam'yang'anira pansi!"

Anthu analulutira. Kemosamu, misozi ya vinyo ili m'maso, anadzuka dzandidzandi, nakweza chikho chake.

"Ndipo linunda lake, asewere! Linunda lake lija..."

Zabidi anam'ponda phazi ndi mphamvu zonse za makolo ake, ndipo Hogila anauza oimba kuti akweze ng'oma.