Nthiti Zanga pa Menyu ya Bamake Mwila

Anandilanda dzina. Lija anandipatsa bambo anga silikugwiranso ntchito ku Matero kuno, ndipo amene analilanda ndimawapatsabe moni m'mawa uliwonse.

Ine ndinasiya koleji ya zamakompyuta fizi itavuta (anzanga amene ankakopera kwa ine pano ali m'maofesi ndi mataye awo, Mulungu akuwaona). Ndinatsala ndi foni yosweka galasi ndi mtima wosachedwa kupsa. Ndiye Bamake Mwila, eni lesitilanti ya pafupi ndi siteshoni ya maminibasi, atandiitanitsa, ndinapita chothamanga.

"Iwe wa makompyuta," anatero, "ku tauni naona vinthu. Munthu alozako chabe foni pa kapepa ka madonthomadontho, vakudya vonse vaonekera. Nifuna vamene ivo."

Tinagwirizana malipiro: nkhuku yakumudzi yathunthu, yophika, yanga ndekha. Koma nkhuku inali chifukwa chachiwiri. Choyamba chinali Mwila, mwana wawo woperekera zakudya, amene chiyambire ankandiyang'ana ngati mmene munthu amayang'anira mpando.

Ntchitoyo siyovuta. Umaika zithunzi ndi mitengo pa tsamba la pa intaneti, n'kupanga kachizindikiro kaja, n'kusindikiza, n'kumata pamatebulo. Zithunzi ndinangotola pa intaneti pompo: nsomba yonenepa itagona pa letesi, ndimu pambali ngati mlonda.

Ndinaiwala anthu akwathu. Munthu wa ku Matero sagula nsomba wamba. Amagula nsomba iyo, imene waiona ndi maso, wailoza ndi chala, poto ali chivundukulire. Tsiku loyamba lomwe Ba Joze, kondakitala wa mawu ngati hutala, anasikana kapepala poloza foni pa timadontho tija, nayang'ana foniyo, nayang'ana mbale imene anamuikira.

"Bamayo, iyi si yamene nasankha. Ya mu foni ili na mimba. Iyi inadwala chani?"

"Ni yamene ilipo."

"Itanani mukulu wake. Niyembekeza."

Madzulo ake Bamake Mwila anandiikira lamulo: m'mawa uliwonse ndizijambula zakudya zenizeni za tsikulo, nsomba iliyonse payokha, kuti munthu aziloza yake. Kujambula, kutumiza, kulemba, tsiku ndi tsiku, chifukwa cha nkhuku imodzi? Ine ayi. Ndinalumikiza tsambalo ndi kamera ya foni yanga kuti chilichonse chimene ndajambula chizidzikwerera chokha. Pansi pake ndinaika mawu oti azituluka okha: "Zatsopano lero, funsani mtengo." Ndinadzitama kwambiri. Ndinati aphunzitsi a ku koleji aja anataya munthu.

Zinayenda bwino mpaka tsiku lina malaiti atapita, ine ndili kunyumba, zochita palibe. Ndinaganiza zotumizira Mwila chithunzi. Ndili ndi chitsulo changa cholimbitsira thupi, cha zitini ziwiri za penti zodzaza simenti. Ndinavula malaya. Ndinadzola mafuta ophikira, amene kuno timati saladi, pachifuwa kuti chiwale (kabotoloko ndinakabwereka m'khichini mwa Bamake Mwila, eni ake asakudziwa). Ndinakoka mimba, ndinajambula. Chakutsogolo, cham'mbali, china ndikuluma mlomo. Kenako mantha anandigwira, sindinatumize chilichonse. Ndinati zathera m'chipinda.

Masana ndinapeza lesitilanti itadzaza mpaka pakhomo. Amakanika, azimayi a pamsika, ngakhale nkhalamba zija zinkalumbira kuti sizingawononge bandulo poyang'ana chakudya chimene chili pamphuno pawo. Aliyense foni pa kapepala. Ndinalowa ngati nduna.

Onse ananditembenukira. Kenako wina anayamba kuwomba m'manja.

"Bamayo!" anakuwa Ba Joze. "Izi nthiti zouma ni zingati? Zibwera na chibwabwa?"

"Mafuta mwaikako maningi," anatero mayi wina wogulitsa tomato, misozi ili mbwe, "koma nyama mwaiwala."

Mwila ndiye anabwera n'kundionetsa foni yake, mapewa akugwedezeka ndi kuseka. Pakati pa nsomba ndi vimbombo, ziboda za ng'ombe zija, panali ine. Katatu. Ndikunyezimira. Zatsopano lero, funsani mtengo.

Ndinafufuta pomwepo. Kunali kutseka khola mbuzi zitatuluka kale. Zithunzi zinali zitafika m'magulu a pafoni a makondakitala, ndipo pofika madzulo minibasi ina inandiimbira hutala, anthu onse m'katimo n'kukuwa: "Ba Nthiti!"

M'mawa mwake anthu anabwera, anasikana, sanandipeze, anayamba kudandaula. Bamake Mwila anandiitanira kuseri.

"Bwezapo."

"Bamayo, ine ndine munthu."

"Munthu wa bwanji? Vimbombo vinasila dzuwa likali pamutu. Chiyambire sivinachitikepo. Bwezapo."

Ndinakana. Ndinanena za ulemu, za maphunziro anga, za mtundu wathu wonse wa ku Chipata. Mwila ankapukuta mbale chapafupi, ndipo osatembenuka n'komwe anati:

"Ikaniko chabe chija cha m'mbali, Ba Nthiti. Chija chili bwino. Choluma mulomo ndiye musayese, muoneka monga mwadya mphiripiri."

Abale, chiyambire mtsikana ameneyo anali asananditchulepo dzina lililonse. Lero wanditchula, ndi "Ba" womwe kutsogolo, ndipo wati chili bwino. Ndinabwezapo nthawi yomweyo. Chilipo mpaka lero, kumapeto, pansi pa zakumwa. Mwila ndimamuperekeza akaweruka, ndipo m'foni mwake ndinaonamo zonse zitatu, ndi cha mphiripiri chomwe.

Nkhuku ndinalandira Lamlungu lotsatira, m'poto, yonunkhira bwino. Nditavundukula ndinapeza ilibe miyendo. Ndisanatsegule pakamwa, Bamake Mwila anatulutsa foni, nakulitsa chithunzi changa ndi zala ziwiri mpaka pa zenera la kumbuyo kwanga, pamene panaima kabotolo.

"Iyi saladi ni yanga," anatero. "Tafanana."

Phunziro lilipo, loti kamera siisankha nsomba ndi munthu, koma ine sindinaphunzire kwenikweni, poti chifuwa ndimadzolabe. Dzina ndalisiya, litengeni, latsopanoli likundidyetsa bwino. Koma Bamake Mwila, ngati mwana wanu akukuwerengerani izi: kabotolo kaja kanali ka hafu. Ntchafu ziwiri ndikuzidikirabe.