Tsiku Lomwe Ndinathira Feteleza wa Apongozi mu Udzu

Pamsewu wafumbi wochoka ku Mtunthama kulowera cha ku Kapelula pali dambo lina lomwe mpaka lero ndikamadutsapo ndimayang'ana kumbali. Anthu akumeneko akudziwa chifukwa chake, ndiye bola ndikuuzeni ndekha musanamve kwa iwo, poti akamafotokoza amaikamo ndi zawo.

Nthawi imeneyo ndinali mphunzitsi papulayimale ina kufupi ndi Mtunthama, ndipo ndinali ndi galimoto. Inde, galimoto. Kapikapu kakale, koyera kutsogolo kofiirira kumbuyo, kamene ndinagula kwa kapitawo wina wa pa esiteti ya fodya atatopa nako. Mwa aphunzitsi onse m'dera lathu, wa matayala anayi ndinali ine ndekha, ndipo sindinkalola kuti munthu aiwale zimenezo.

M'mawa uliwonse tisanalowe m'kalasi tinkaima pansi pa mtengo wa mango n'kumacheza zomwe anthu amacheza. Uyu akuti kunja kwatentha, uyu akuti mvula yachedwa, winayo akudandaula mzere wa kumjigo. Ine ndinkangodikira mpata. Munthu akati, "Dzuwa la lero ndiye ayi," ine ndinkayankha kuti, "Dzuwa lotere injini imalikonda, mafuta sapita ambiri." Nkhani iliyonse, kaya ya maliro kaya ya makuponi, ndinkaikhotetsa mpaka ifike pa thanki yanga.

"Kanga sikamwa mafuta," ndinkatero. "Kamangonunkhiza."

Ndipo sikuti ndinkanama kwenikweni, ndinali ndi njira zanga. Kwathu ndi ku Ntcheu, kumapiri, komwe ndinaphunzira kuti potsetsereka umazimitsa injini, galimoto n'kumayenda ulere. Ikamayandikira kuima umangoponya giya, kusiya kilatchi, basi yalira yokha. Vuto ndi loti dziko la Kasungu ndi lathyathyathya ngati mphasa, choncho kamtsetse kalikonse ndinkakadziwa pamtima ndipo sindinkakaphonya. Batire linali litatopa kalekale, koma kugula lina ndinkaona kuti n'kuwononga. Ndinkangoimika galimoto pachulu kuseri kwa nyumba kuti m'mawa itsike yokha n'kulira.

Njira ina inali yochepetsa katundu. Ndinatsitsa tayala lapadera, ndinatsitsa jeke, kenako ndinachotsa lona wophimbira kumbuyo.

"Nanga lona akulemera chiyani?" anafunsa akazi anga.

"Amakola mphepo, mayi. Za mphepozi inu simungazimvetse."

(Lona uja anakathera pakhola la nkhuku, ndipo nkhuku zathu chaka chimenecho sizinanyowepo n'kamodzi komwe.)

Tsopano apongozi anga, amayi awo a akazi angawa, ndi mayi wamasiye, amakhala cha ku Kapelula ndi zidzukulu. Chaka chimenecho makuponi a feteleza wotsika mtengo anabwera ochepa, moti kuponi imodzi ankagawana mabanja awiri. Feteleza wokulitsa apongozi sanamuone n'komwe, anabzala ndi manyowa. Chiyembekezo chawo chonse chinali pa theka la thumba la wobereketsa, lomwe ankagawana ndi a Nabanda, mnansi wawo. Anapita kudepoti, anabwerako chimanjamanja, anapitanso, anagona pamzere, mpaka thumba linapezeka. Akazi anga anandituma kuti ndikawatenge Loweruka.

Kudepoti kuja amayi awiriwa anagawana ndi mbale, mbale iyi uku, mbale iyi uku. Kenako funso linabuka: thumba lenilenilo, lija lili ndi pulasitiki mkati, atenga ndani? A Nabanda anali panjinga yakabaza, akudzera kaye kwa mwana wawo. Apongozi anali atabweretsa thumba lakale la chimanga, lija ukaliyang'anitsa padzuwa umaona kuwala. Anthu asanamalize kuganiza, ine ndinalowererapo ndi mawu a munthu wodziwa zinthu.

"A Nabanda atenge lapulasitikilo. Ife tili ndi galimoto."

Ndinaponya thumba kumbuyo. Apongozi anafuna kukwera komweko, pafupi ndi feteleza wawo, ndi ambulera yawo m'manja. Mukudziwa kale kuti mkamwini ndi apongozi sakhalirana pafupi. Koma ine ndinakana kwamtuwagalu.

"Ayi amayi, anthu anditi chiyani? Kutsogolo kuno."

Anakwera, n'kudzikanikiza kuchitseko, nkhope atalozetsa kuwindo. Tinanyamuka. Kuti chete asatidye, ndinayambitsa macheza.

"Kwatentha lero, amayi."

"Kwatenthadi, bambo. Kutentha kwake n'kwa mvula."

Ndinasuzumira kumwamba. Kum'mawa kunali kamdima, koma kutali.

"Imeneyo ndi ya ku Ntchisi, amayi. Kuno siifika, mphepo ikuikankhira uko."

"Chabwino, bambo."

Apongozi akati "chabwino" mwa mtundu umenewo, munthu wanzeru amaganizanso kawiri. Ine ndinamva ngati andivomereza, moti ndinayamba kuwafotokozera za mafuta: momwe akusowera, momwe mavenda a m'zigubu akutibera, ndi momwe madalaivala ena amawonongera chifukwa chosadziwa. Iwo ankangoti "Eya, bambo."

Tinafika pakamtsetse kolowera kudambo kuja. Mtima unati phaa, mwayi woonetsa luso ndi uwu. Ndinapotokola kiyi, injini inati zii.

"Yafa?" anafunsa apongozi, kwa nthawi yoyamba akundiyang'ana.

"Ayi amayi, ndazimitsa dala. Panopa tikuyenda ulere. Taonani mpaka pomwe tikafike."

Masiku onse ndinkailiza tikafika pamtengo wina wa mkuyu. Tsiku limenelo ndinati ndipitirire pang'ono kuti apongozi akasimbe kumudzi. Tinadutsa mkuyu. Ndinali ndisanaganize zoti mvula ya sabata imeneyo inali itakokolera mchenga m'munsimo. Matayala atangolowa mumchenga, liwiro lonse linathera pomwepo. Ndinaponya giya, ndinasiya kilatchi, kagalimoto kanangogwedezeka kamodzi n'kuima. Ndinapotokola kiyi, kanangoti kete. Ndinapotokolanso, kete.

Tinali pansi penipeni pa dambo. Kutsogolo chitunda, kumbuyo chitunda. Ine amene ndinkadandaula kuti Kasungu alibe zitunda, tsiku limenelo ndinapeza ziwiri nthawi imodzi.

Ndinatsika n'kukankha ndekha, thukuta kamukamu, koma galimoto inangondiyang'ana. Msewu unali zii, popanda ngakhale wanjinga. Apongozi anatsika mwaulemu n'kunena kuti kumudzi wa patsidya kuli msuweni wawo, a Mwale, amene ali ndi ng'ombe zangolo. Ine a Mwale sankandidziwa, ndiye sakanandipatsa ng'ombe. Kuwatuma okha apongozi sikukanatheka. Tinayenera kupita tonse.

"Bambo, tisanapite, bwanji thumbali tililowetse kutsogoloku?"

Apa ndi pomwe ndimafuna nditabwerera n'kudzitseka pakamwa. Mpando wakutsogolo ndinali nditangouvindikiritsa kumene kwa telala, ndipo ndinkadziwa kuti feteleza amadya nsalu ndi zitsulo.

"Musavutike amayi, tikungopita n'kubwera. Mvula ija ndanena kale, ndi ya ku Ntchisi."

Titawoloka kamtsinje, tinawapeza a Mwale ali pakhonde, koma ng'ombe zinali kubusa, anachita kutumiza uthenga. Anatiyalira mphasa, moni anayamba. Mwadzuka bwanji, kunyumba ali bwanji, ana ali bwanji, ntchito ikuyenda bwanji. Tili pakati pa moni, mphepo inatembenuka. Masamba a fodya m'munda wa a Mwale anayamba kugwedezeka, nkhuku zinathamangira pansi pa nkhokwe. Dontho loyamba linagwa pa nsapato yanga.

Abale, mvula imeneyo sinagwe, inakhuthuka. Ndinadzambatuka kuti ndithamange, koma a Mwale anandigwira mkono.

"Mukupita kuti, aphunzitsi? Kamtsinje mwawoloka kaja kadzaza kale. Ikagwa chonchi timakhala pansi."

Ndinakhala pansi. A Mwale, amene sankadziwa kuti thumba lili pamtunda, anasangalala kwabasi.

"Mvula yabwino iyi! Amene wathira wobereketsa lero ndiye wapata. Amasungunuka bwinobwino, kulowa pansi onse."

"Eya, amasungunukadi," anatero apongozi, maso ali ku ambulera yawo.

"Nanga galimoto yanuyo ndamva kuti siidya mafuta?" anapitiriza a Mwale, akutembenukira kwa ine.

Kwa nthawi yoyamba chigulireni galimoto, munthu anandifunsa yekha za mafuta ine n'kukhotetsera nkhani ku fodya wake.

Mvula itakata, madzi ataphwerako, tinatsika ndi ng'ombe. Thumba tinalipeza litafota, lili phwatalala. Madzi anali akudonthabe m'mabowo a pansi pa galimoto n'kumayenderera kulowa mu udzu wa m'mbali mwa msewu. Apongozi anamasula chingwe, anapisa dzanja. Chomwe chinatsala chinali kaphala kochepa pakona, kosadzaza n'kambale komwe. Anakakokota bwinobwino, anakamanga pansonga ya chitenje. Kunena zoona, bola akanandilalatira. Manyazi amene ndinamva pamenepo sindinawamvepo chibadwire.

Ng'ombe zinatikokera pamwamba pa chitunda, ndipo kagalimoto kopanda ulemu kaja kanalira nthawi yomweyo.

Kunyumba akazi anga anandiuza mawu omwe sindingalembe pano. Ndinalonjeza kuti ndigula wina wa mtengo wa kusitolo. Koma unali mwezi uja aphunzitsi timayendera mapemphero, malipiro anachedwa, ndipo atabwera feteleza anali atasowa. Pomwe ndinkapeza kathumba kwa mavenda, chimanga cha apongozi chinali chitamasula kale ngayaye, chachikasu, chofika m'chiuno.

Koma udzu wa padambo paja, amayi inu! Unakula kuposa munthu, wobiriwira mpaka kuda, pamalo amodzi okhawo. Aliyense wodutsa ankaima. Pansi pa mango paja macheza anasintha. Munthu ankati akanena kuti mvula yagwa bwino usiku, wina ankawonjezera kuti, "Munda wa aphunzitsi kudambo ndiye ukusangalala." Ine ndinkangoyang'ana wotchi.

Nyengo yozizira itafika, udzu utauma, apongozi anatumiza mawu kudzera kwa akazi anga. Anati popeza feteleza anali wawo, udzuwonso ndi wawo, ndipo denga lawo likufunika kufolera. Akupempha a mkamwini akawamwetere ena asanautenthe.

Ndinapita ndi chikwakwa. Mphunzitsi wa boma, mwini galimoto, ndinawerama m'mbali mwa msewu kumweta udzu, anthu opita kumsika akundipatsa moni. "Mwakolola bwanji chaka chino, aphunzitsi?" Ndinkayankha kuti takolola ndithu, nanga ndikanati chiyani? Udzu wake unali wabwino, zimenezo musatsutse, wautali komanso wonenepa. Ndinamanga mitolo mpaka kumbuyo kwa galimoto kunadzaza.

Ndinakatsitsa pabwalo pa apongozi, pafupi ndi nkhokwe. Nkhokweyo inali yotsegula pamwamba, ndipo poimika mtolo womaliza maso anga anagweramo. Chimanga chinali pansi penipeni, tizitsononkho tating'onoting'ono, pomwe ndi nthawi imene nkhokwe za anzawo zinali zodzaza. Zidzukulu zinali zitakhala pakhonde, zikundiyang'ana.

Apongozi anabwera ndi madzi akumwa, anagwada chapatali, anathokoza kwambiri chifukwa cha udzu. Kenako anafunsa za ulendo, monga mwa mwambo.

"Mwayenda bwanji, bambo? Kunja kukuzizira."

Munthu wamanyazi akanangoti tayenda bwino. Koma pakamwa pangapa sipamva.

"Tayenda bwino kwambiri, amayi. Udzu ndi wopepuka, ndiye mafuta sanapite n'komwe. Kagalimoto aka kamadya pang'ono zedi."

Anayang'ana galimoto, anayang'ana nkhokwe, kenako anayang'ana zidzukulu zawo.

"Zili bwino, bambo," anatero mofatsa. "Mukatiphunzitseko mmene kamachitira. Chaka chino ifenso tizidya pang'ono."