Chitenje cha Nachisale pa Zitunda za Lisbon

Amene akukayika atulukiretu panopa, chitseko ndi icho, sitima ya ku Toronto sinanyamuke, chifukwa ine Kachingwe sindinanenepo bodza chibadwire, ndipo sindingayambire muno m'nyumba ya eni ku Oshawa nditadya mpunga wa eni. A Jumbe, ndakuonani mukumwetulira. Mwetulirani, koma khutu mutchere.

Nonse mukumudziwa Nthambi, mdzukulu wanga, uyo wagona pampando apoyo. Mukamuona lero akundikakamira ngati chisoso pa buluku mumayesa zinali choncho chiyambire. Ayi ndithu. Tiyamike, mwana wanga, anandiitanitsa kuchokera ku Ntcheu kubwera ku Canada kuno kuti ndizimulerera mwana iye akapita kuntchito kuchipatala, koma kamwanako kakangondiona kankakuwa "No! No!" n'kuthawira kuseri kwa firiji. Ndinayesa switi, ndinayesa nyimbo, ndinameta ndevu zimene malemu mkazi wanga Nachisale analephera kundimetetsa moyo wake wonse, koma osatheka. Chisanu chonse chinatha tikuyang'anizana chapatali m'kanyumba ka ku Scarborough. Tiyamike ndi mwamuna wake Wyson anayamba kunong'onezana za daycare, kumalo kosungitsa ana masana kuja, ndipo ine si wogontha. Ndinadziuza mumtima kuti tikangobwera ku ulendo wa ku Portugal umene anakonza, ndilongedze ndizipita kwathu, chifukwa agogo oopedwa ndi mdzukulu ndi katundu chabe m'nyumba. Zinkandiwawa, abale, sindibisa.

Tsono Lisbon! Mzinda umenewo anaumanga choimika. Misewu imakwera mwakuti ukamayenda mphuno imakhula pansi, munthu wa kumtunda akagwetsa lalanje amadya ndi wa kudoko, ndipo nkhuku za kumeneko zimaikira mazira a makona anayi kuti asagubuduzikire m'nyanja. Mukumva? Ndiye misewuyo si ya tara ayi, ndi timiyala tondandalika ngati maso a chimanga. Wyson anali ndi kangolo kake kokankhira mwana, kamene kuno mumati sitolola, ka matayala atatu, kokhala ndi poika kapu ya khofi, ndipo ankakanyadira kuposa galimoto yake. Tsiku loyamba lomwe, tili pakati pa chitunda, tayala la kutsogolo linathothoka, linagubuduzika kutsika phiri, linadutsa mumsika wa nsomba, linalowa m'tchalitchi pakhomo la kutsogolo n'kutulukira la kumbuyo litadalitsidwa kale, linadumphira m'nyanja, ndipo ndikunena pano lili m'njira likubwera lokha ku Canada kuno, tsiku lina mudzalitola m'mbali mwa Lake Ontario ndipo mudzandipepesa.

Apo Nthambi anatsegula pakamwa. Kulira kumeneko, a Jumbe, mabelu a matchalitchi onse anachita manyazi n'kukhala chete, nkhunda zinasamukira ku Spain, ndipo chifanizo cha mfumu ina yokwera hatchi chinasiya chingwe n'kutseka makutu ndi manja onse awiri, hatchi nayo n'kupinda ake. Tiyamike anali woyembekezera, sakanatha kukwera ndi mwana m'manja. Wyson anali ndi chikwama kutsogolo, china kumbuyo, kangolo kolumala paphewa, foni m'manja akufunafuna sitolo ya matayala. Hotela yathu inali pamwamba penipeni, pamene mitambo imapumira. Ndinaona mwana wanga Tiyamike atakhala pamwala, misozi ili lengelenge, ndipo mtima unandiwawa kuposa poyamba.

M'kachikwama kanga munali chitenje cha Nachisale, chobiriwira cha maluwa achikasu, chimene anaberekera ana athu onse. Chimwalirireni iwo ndimayenda nacho paliponse, sindinauzepo munthu, koma lero ndanena. Ndinachitulutsa, ndinachikutumula kamodzi mpaka zovala zoyanikidwa m'mawindo a msewu wonse zinauma nthawi yomweyo, ndinawerama, mwana kumsana, mfundo pachifuwa, basi. Nthambi anati zii. Kunakhala chete mwakuti ndinamva nsomba ikutsokomola pansi pa nyanja. Ndikulumbira!

Ndiye ndinayamba kukwera. Mawondo amene kuno amalira ndikamakwera basi ya ku Scarborough tsiku limenelo anabwerera paunyamata, ndinapitirira anyamata othamanga, ndinapitirira njinga zamoto, ndinapeza kasitima kachikasu kamene kamayenda pakati pa msewu katalephera chitunda, dalaivala wake akulira, n'kundichonderera ndi manja, ine n'kumuuza kuti akole ku nsonga ya chitenje, ndipo ndinakakoka kasitimako ndi anthu ake onse, ndi akatundu awo, ndi wansembe wonenepa wokhala kumbuyo, mpaka pamwamba, mwana osagwedezeka n'komwe. Mukumva? Amayi a m'mawindo ataona zimenezi anayamba kukanganula makatani ndi nsalu za patebulo, aliyense kubereka mwana wake, amene analibe mwana anabereka galu, mayi wina anabereka mwamuna wake ndevu zili tiii, apolisi anaimitsa magalimoto n'kundichitira sawatcha, ndipo pofika madzulo ogulitsa masitolola onse mumzindamo anali atatseka masitolo n'kuyamba kugulitsa zitenje.

Koma zonsezo n'zazing'ono. Chachikulu n'chakuti tili m'njira ndinamva kampweya kotentha pakhosi panga, kenako kadzanja kakugwira khutu langa, osati kukoka ayi, kungogwira. Mwana uja wa "No! No!" anali atagona pamsana panga. Titafika ku hotela ndinakana kukhala pansi, ndinadya choimirira, kuopa kumudzutsa.

M'mawa mwake ndikumwa tiyi ndinangomva kukhwekhwereza pansi. Kucheuka, ndi Nthambi, akukoka chitenje cha agogo ake aakazi amene sanawaonepo. Anadutsa mayi ake, anadutsa bambo ake, anaima pamapazi anga, n'kukweza manja.

"Gogo, beleka."

Mawu oyamba a Chichewa kutuluka pakamwa pake, ndipo anagwera ine. Ndinalira, abale. Misozi yanga inatsika masitepe a hotela, inatsuka msewu wonse mpaka kudoko, nyanja inakwera, ndipo asodzi akundithokozabe.

Tiyamike, ukutsokomoleranji kukhomoko? Ndinene zonse? Chabwino, ndinena, ndilibe mantha ine.

Paja ndinati ndinawerama, mwana kumsana, mfundo pachifuwa. Pakati pamenepo pali kanthu kakang'ono kamene ndinadumpha. Ine kubereka ndinkangoonerera kwa Nachisale, manja anga anali asanamangepo mfundo imeneyo. Nditayesa, mwana anapendekeka ngati thumba la mbatata, mwendo umodzi m'mwamba, chitenje chili m'khosi mwanga. Ndipamene ndinamva mawu kumbuyo kwanga, m'chilankhulo chathu chomwechi, pakati pa Ulaya:

"Bambo inu, mupha mwana! Weramani bwinobwino!"

Anali mayi wachikulire amene ankasesa pakhomo la sitolo ina, kalankhulidwe kake ka ku Angoniya ku Mozambique, tsidya la msewu kwathu ku Lizulu konkuja. Anataya tsache, anandikankha pakhosi ngati akuweramitsa mbuzi, anamukhazika mwana bwino, nsalu pansi pa matako, timiyendo kunja, kukoka kamodzi, mfundo gwa. Kenako anandimenya paphewa n'kunena kuti, "Pitani, musathamange." Anatola tsache lake n'kupitiriza kusesa. Ndi changu cha mwana wolira uja sindinafunse n'komwe dzina lake, ndipo zimandiwawa mpaka pano. Ndimamupempherera Lamulungu lililonse, ndimangoti mayi wa tsache uja, Mulungu akumudziwa. Akanapanda iye, bwenzi lero ndili ku Ntcheu ndikuyang'ana mdzukulu wanga pafoni.

Koma msana unali wanga, a Jumbe, ndipo kasitima kaja ndinakokadi! Tikiti yobwerera kwathu sindinagule, za daycare sizinamvekenso, ndipo m'misewu ya ku Scarborough mukaona nkhalamba yovala jekete ya chisanu, chitenje chobiriwira pamwamba pake, ndine ndemwe, wobereka wamkulu wa Ulaya ndi Canada yense.

Onani, Nthambi wadzuka. Onani chimene akukoka. Ndikubwera, mama, ndikubwera. Tiyamike, tabwera udzandimangire kuno, mfundo ija imandivutabe.